Wotchi Yodyera Pamkono wa Abambo

Abambo anga anadwala matenda awiri pa moyo wawo. Oyamba anali a mawotchi, ndipo amenewo tinakula nawo m'nyumba. Achiwiri anali sitiroko, imene inawagwetsera m'dimba la kabichi kuseri kwa nyumba yathu ku Bembeke, atapuma kale pa ntchito yauphunzitsi. Ndiyambe ndi oyambawo poti ndiwo anali okoma.

Amuna anzawo akapita ku Dedza boma ankabwerako ndi feteleza kapena malata. Abambo nawo fetelezayo ankagula, ndisawanamizire, koma asanakwere minibasi yobwerera miyendo inkawakokera ku sitolo ina ya m'mbali mwa msewu waukulu. Mwini wake anali Msilamu wamtali, wa ndevu zaimvi zodulidwa bwino, wogulitsa nsalu, maambulera ndi mabulangete. Ife tinkawatchula kuti amalume a kusitolo, ngakhale kuti panalibe chibale chamagazi. Chibale chawo ndi abambo chinali cha mawotchi basi. Aliyense anali ndi chitini chake cha mabisiketi chodzaza mawotchi akale, ena oyenda, ena akufa, ena opanda lamba. Akakumana ankapita kuseri kwa kauntala, n'kukhala pa mabelo a nsalu, zitini pamiyendo, kenako n'kuyamba kunyozana.

"Iyi ndiye mwaitola kuti, aphunzitsi? Kudzala?"

"Taikani kukhutu, achimwene, mumve kulira kwa wotchi. Yanuyo ikuchita kutsokomola."

Ndinawaperekezako kangapo nditakula kale, inenso nditayamba uphunzitsi, ndipo mumtima ndinkangoti akuluakulu awa mitu siikuyenda bwino. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkanditseka pakamwa ine ndemwe. Amalume akaona kuti mkangano ukuwaipira, ankadzuka mwakachetechete, kulowa m'chipinda cham'kati, n'kutulukamo ndi kabokosi kachikopa. Akangokatsegula, abambo ankasiyira mawu panjira.

Wotchi ya m'kabokosimo inalibe nkhope. Mawotchi onse amene ndinkawadziwa ali ndi kambale ka manambala kobisa zam'kati, koma iyi inali mkombero wagolide, galasi kutsogolo, galasi kumbuyo, ndipo pakati pake zonse zili poyera. Ukaikweza kuloza kukhomo unkaona njinga zikudutsa mumsewu kudzera m'mipata yake. Munali timawilo ta mano, tina ngati chikhadabo cha khanda, tina ngati njere ya mpiru, tonse tolumana. Munali timiyala tofiira psuu. Tizitsulo togwira timawiloto anatisema masamba ndi maluwa, pamalo oti nyerere ingadandaule kuti pachepa. Ndipo cha mmunsi munali kawilo kamodzi kokhala ndi kawaya kopyapyala kuposa tsitsi, kamene kankapita uku n'kubwerera, kupita n'kubwerera, osapuma. Tsiku loyamba kuiona ndinaiwala kumeza malovu.

Amalume ankati anaipeza kalekale kwa Mpwitikizi wina wokalamba wa kutsidya kwa malire, amene ankalongedza katundu kubwerera kwawo. Ankati zoterezi anapanga zochepa, chifukwa iliyonse munthu ankaisema ndi manja. "Anthu amatengeka ndi golideyu," ankatero. "Golide ali m'mano mwa anthu ku Joni. Luso lagona pochotsa chitsulo chonse chimene chingachoke, mpaka kutsale chokhacho choti wotchi ipumire."

Chimene chinkawapweteka abambo n'chakuti amalume sankaivala. Chisilamu sichilola mwamuna kuvala golide, choncho wotchiyo inkangokhala m'kabokosi.

"Muli ngati nkhalamba yopanda mano yosunga munda wa nzimbe," abambo ankatero. "Mundipatse ine Mkhristu ndikuvalireni."

"Inu? Kuti mukaipake choko?"

Zaka zonsezo abambo sanaivalepo. Ankaloledwa kuigwira kokha, pansi atayala nsalu. Akafika kunyumba ankaifotokoza kwa amayi, manja akujambula m'mwamba, ndipo amayi ankati ayi ndithu, imeneyo ndi wotchi yamaliseche, opanga ake anatopa asanaimalize.

Kenako panabwera matenda achiwiri aja. Sitiroko inawagwira mbali yakumanzere. Mwendo unkakoka, mkono unangoti lende, ndipo pakamwa panakhota moti mawu ankatuluka olemera, ngati munthu wodzaza mbatata yotentha m'kamwa. Potuluka kuchipatala, mayi wina woona za ziwalo anatiuza mosabisa. Anati mwendo udzabwerera ngati ayenda nawo, koma mkono uyenera kunyamulidwa, kupindidwa ndi kutambasulidwa tsiku lililonse m'miyezi yoyambirirayi. Tikachedwa udzauma, zala zidzafumbata, ndipo sudzatambasukanso mpaka kalekale.

Abambo anakana. Munthu amene anadyetsa banja ndi pakamwa sanafune kuti anthu amumve akuchita chibwibwi, ndiye anangosiya kuyankhula. Ankakhala pampando pakhonde atafunda bulangete, mkono uja uli pamiyendo ngati katundu woiwala mlendo. Chitini cha mawotchi chinali pansi pa bedi, ndipo mawotchiwo anaima imodzi imodzi posowa wowapotokola. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu yapafupi, choncho ndikaweruka ndinkabwera kudzawanyengerera. Tsono ine ndili ndi mtima wapachala. Ndinkayamba ndi "chonde abambo," koma posakhalitsa ndinkapezeka ndikukalipa ngati ndili m'kalasi. Iwo ankangotembenukira kukhoma. Ndinkaona zala zawo zikuyamba kupindikira m'kati sabata ndi sabata, ndipo ndinkachita mantha kwambiri.

Nyengo yozizira itafika, nkhungu itakuta mapiri onse, amalume a kusitolo anatulukira pa njinga ya kabaza, atakumbatira jumbo la shuga ndi buledi. Anazonda matenda monga mwa mwambo. Anafunsa za kugona, za kudya, za mankhwala, amayi akuyankha m'malo mwa wodwala. Kenako anatiuza kuti Mulungu wawatsegulira njira, akupita ku Maka, ndipo pobwerako adzakhalako kanthawi kwa mwana wawo ku Joni. Tikuwayamikira choncho, anapisa dzanja m'thumba la jekete. Nditangoona ngodya ya kabokosi kachikopa kaja, ndinasendera pafupi.

"Aphunzitsi," anatero, "chiipezereni wotchi iyi sinaimepo. M'mawa uliwonse ndimaisamalira ndekha. Ana angawa sadziwa kanthu, angaiyese chidole. Mundisungire. Isaime."

Anagwada pansi, munthu wamkulu ngati ameneyo, n'kunyamula mkono wakufa uja, n'kumangapo wotchiyo. Anasonyeza kachitsulo kotulukira pambali, kamene timapotokola pokonza nthawi. "Aka musakakhudze, n'kofooka. Kakathyoka palibe wokonza kuno."

Abambo anayang'ana pamkono pawo nthawi yaitali. Golide anali waliwali pakhungu louma lija. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope, ndipo ine ndinatsala pang'ono kululutira. Amalume sanafotokoze zambiri chifukwa ankayankhula ndi mnzawo wodziwa. Ine ndi amayi sitinafunse kanthu, poti nkhani za mawotchi tinasiya kale kuzimvetsera.

Apa ndiyenera kunena za kabati ya amayi. Kwathu chinthu chabwino sichigwira ntchito, chimasungidwa. M'chipinda chochezera munali kabati ya magalasi, ndipo m'menemo munali makapu a mlomo wagolide amene amayi analandira pa ukwati wawo, mbale zamaluwa, ndi nsalu yapatebulo yolukidwa ndi masisitere. Zonsezo zinkadikira alendo oyenera, ndipo alendowo mpaka nthawi imeneyo anali asanabadwe. Ngakhale abambo mfumu akabwera kudzadalitsa nyumba ankamwera kapu yachiwiri kwa yabwino. Kiyi wa kabatiyo ankakhala pamfundo ya chitenje cha amayi.

Kabaza wa amalume asanazimiririke bwino m'nkhungu, amayi anali ataima kale pamaso pa abambo.

"Bambo, bweretsani kuno. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Munthu wotaya phala pachifuwa avale golide wamwini? Nanga akuba akamva?"

Abambo anaphimba wotchiyo ndi dzanja lamanja. Anayesa kuyankhula, koyamba patapita nthawi yaitali, koma mawu anatuluka opotoka ndipo amayi sanadikire kuti awongoke.

"Mwamva nokha mwini wake wati tisunge. Ndiye tikusunga."

Anamasula lamba, anapukuta wotchiyo ndi nsonga ya chitenje, anaigoneka pakambale ka kapu m'kabati, n'kukhoma. Abambo anamenya mpando ndi chibakera, kenako anatembenukira kukhoma. Ine ndinaona ngati amayi ali ndi mfundo. Komanso ndinakondwa, chifukwa tsopano ndikanatha kuiyang'ana mmene ndingafunire. Mawa lake nditaweruka ndinafikira pakabati, osati pakhonde. Ndinakoka mpando, mphuno pagalasi, n'kumaonerera kawilo kaja kakupita n'kubwerera. Ndinaitana mnzanga wina wophunzitsa naye kuti adzaone, ndipo tonse awiri tinagwada pamenepo ngati tili pa kachisi.

Loweruka m'mawa ndikusesa kwanga, kufupi ndi kwa makolo, ndinamva amayi akufuula dzina langa ndi mawu a maliro. Ndinataya tsache n'kuthamanga, ndikuganiza kuti abambo atisiya. Ndinapeza amayi ataima pa kabati, manja kumutu.

"Tapha wotchi yamwini! Mayo ine, ndiwauza chiyani alamu anga?"

Zoonadi. Kawilo kaja kanangoti duu. Mivi itaima, timawilo tonse zii. Ndinauza amayi kuti asadandaule, ndi batire chabe. Ndinaitulutsa, ndinapita nayo pakhomo powala, ndinaitembenuza uku ndi uku kufunafuna pamene pali batire. Koma wotchi yoonekera kutsogolo ndi kumbuyo ingabise kuti batire? Munalibe. Ndinati tipite nayo ku boma. Amayi anafunsa kuti kwa yani, popeza anthu odziwa wotchi imeneyi m'dera lonse analipo awiri, mmodzi ali m'ndege, winayo sayankhula. Tinayamba kulozana zala. Iwo ankati ndaiyang'anitsa mpaka yachita manyazi, ine ndinkati aipha ndi kuzizira kwa m'kabati.

Tili mkati mokangana tinamva phokoso lachilendo pakhonde, ngati munthu wotsamwa. Tinathamangira komweko. Abambo anali kuseka. Ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, mapewa akugwedezeka, bulangete litagwa pansi. Chigwereni m'dimba muja anali asanasekepo.

Anatambasula dzanja lamanja, ndipo ndinawapatsa wotchiyo. Anaitembenuza chagada n'kundisonyeza ndi chala chachikulu kachitsulo kagolide kooneka ngati theka la mwezi, kamene ndinkakayesa kokongoletsa. Anapendeketsa wotchiyo pang'ono, kachitsuloko kanatsetsereka kokha n'kuzungulira. Anaigwedeza mofatsa, monga mmene mayi amapetera ufa wochepa, uku ndi uku, uku ndi uku. Kawilo ka tsitsi kaja kananjenjemera, kanaima, kananjenjemeranso, kenako kanayamba kuthamanga.

Ndinakuwa. Ndinalumpha ngati mwana wa sitandade wani. Amayi anachita chizindikiro cha mtanda.

"Njala," abambo anatero. Anapuma, anakonza lilime, n'kuyesanso. "Inali... ndi njala. Imadya... pamkono."

Ndi zomwezo zimene ankayesa kunena tsiku lija. Wotchi imeneyi ilibe batire, imadzipotokola yokha mkono wa woivala ukamayenda. Amalume, poti sankaivala, ankaigwedeza ndi dzanja m'mawa uliwonse. Ife poilemekeza tinaitsekera m'kabati mpaka inafa ndi njala pakati pa makapu.

Amayi, manyazi atawagwira, anati abwere nayo awaveke kudzanja lamoyolo. Abambo anaibisa m'khwapa. Anatiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira ana ochedwa kusukulu, ndipo tinamva tonse kuti wotchiyo palibenso adzaikhudze. Adzamanga okha. Tsono munthu wa dzanja limodzi angamange wotchi pamkono uti? Dzanja lamanja silingadzimangire lokha. Inayenera kupita kumanzere, kumkono wakufa kuja. Analimbana nayo m'mawa wonse, chala, mano, chibwano, thukuta lili kamukamu m'chisanu cha ku Bembeke. Ine manja ankandiyabwa, koma ndinawakhalira. Dzuwa litakwera lamba analowa m'malo mwake, ndipo abambo anatiyang'ana ngati apha mkango.

Vuto linaoneka msanga. Mkono wosayenda sudyetsa wotchi. Ndipo wotchi imeneyi njala yake inkaoneka ndi maso, chifukwa m'kati munali kachitsulo kozengezeka ngati nkhata, kamene kankathina ikakhuta, n'kumasuka ikamva njala. Abambo ankakhalira kukayang'ana. Kumasula wotchi kuti aigwedeze ndi dzanja lamanja sakanayerekeza, poganizira nkhondo yoimanganso. Ndiye tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawaona ndili patali. Anagwira mkono wakufa uja ndi dzanja lamanja, kuunyamula mpaka pachifuwa, kuutsitsa, kuupititsa kumbali, kuubweza, maso ali pagalasi. Zinali zomwe zija mayi wa kuchipatala anatiphunzitsa, zomwe ndinakalipira mpaka mawu kusasa.

Ndinabisala kuseri kwa mtengo wa pichesi n'kudziluma chala kuti ndisakuwe. Nditafika pakhonde ndinangoti, "Mwaswera bwanji abambo?" Pa moyo wanga wonse sindinagwirepo ntchito yovuta ngati kukhala chete tsiku limenelo.

Posakhalitsa anazindikira kuti wotchiyo imakhuta bwino munthu akamayenda, mkono ukulendewera. Anaitanitsa ndodo imene ankaikana. Anayamba ndi kuzungulira nyumba, kenako mpaka kudimba kumene anagwera kuja, kenako mpaka kumsewu wafumbi kumene kumadutsa njinga zonyamula matumba a kachewere. Amayi, poopa akuba, ankawatsatira pambuyo atagwira ambulera ngati chibonga. Anthu awiri amene sindinawaonepo akuyenda limodzi popanda maliro kapena Misa, tsopano ankayenda m'mawa uliwonse, akukangana za njira.

Nkhani inamveka, monga mukudziwa kuti kwathu chinsinsi chimagona tsiku limodzi. A mphakati anabwera kudzapemphera ndi wodwala, koma pemphero litatha palibe anadzuka. Aphunzitsi anzanga anayamba kundiperekeza kunyumba popanda chifukwa. Ogulitsa kabichi ankaimitsa njinga. Aliyense ankafuna kuona wotchi yopanda nkhope, ndipo abambo sankalola kuimasula, choncho ankanyamula mkono kuti anthu aone. Nanga mphunzitsi angaone anthu atamuzungulira, maso ali tong'o, iye n'kukhala chete? Anayamba kufotokoza. Poyamba mawu awiri atatu, malovu akudontha, amayi akupukuta. Kenako ziganizo zathunthu. Ankaloza ndi kamtengo ka machesi kuti aka kamakankha aka, aka kamaletsa aka kuti kasathamange, timiyala tofiirati si tokongoletsa ayi, ndi pogona timawilo kuti tisaperepeseke. Mawu anali olemerabe, koma anali ataiwala kuchita nawo manyazi.

Lamulungu loyamba kubwerera kutchalitchi sindidzaliiwala. Tinanyamuka anthu ena asanasambe n'komwe, chifukwa abambo anakana njinga. Misa itatha, pabwalo panali chigulu ngati pafika wogulitsa mankhwala a makoswe. Mayi wina wa m'kwaya anaiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, mwachita kuisenda?" Anthu anafa nacho chiseko. Bambo wina wovala suti, amene abambo anamuphunzitsa ali mwana, anatulutsa foni yake, kuyang'ana, kuyang'ananso pamkono paja.

"Pepani aphunzitsi, koma wotchiyi ikunama. Yatsalira kutali zedi."

Zinali zoona. Chiimireni m'kabati muja inali isanakonzedwe, poti kachitsulo kokonzera nthawi n'komwe kaja analetsa amalume. Dzuwa likakhala paliwombo iyo inkanena za m'mawa.

"Nthawi funsa foni yakoyo," abambo anayankha. "Iyi ndi yoonera."

Ine ndinaseka mpaka misozi, koma ndinamvetsa tsiku limenelo chimene chinkawasunga akuluakulu awiri aja pa mabelo a nsalu. Wotchi yabatire imakuuza nthawi n'kukubisira zonse. Iyi unkaona ntchito ikugwirika, dzino ndi dzino, ndipo unkadziwa kuti penapake panali munthu amene anakhala pansi ndi tizitsulo tosaoneka bwino n'kupanga chinthu chopuma. Ndinayamba nanenso kufunsa mafunso. Madzulo ena abambo anandituma kukatenga chitini pansi pa bedi, ndipo anandiphunzitsa kupotokola mawotchi awo akale, ine ndikugwira, iwo akulamula. Chipinda chinadzazanso ndi kulira kwa tizitsulo.

Mkono nawo unayamba kumva. Tsiku lina chala chachikulu chinagwedezeka chokha pamene ankafuna kupukuta galasi. Kenako chigongono chinayamba kupindika pang'ono popanda kuthandizidwa. Zala zimene zinkafumbata zija zinayamba kulola kutambasulidwa. Mayi wa kuchipatala atawaona anawayamikira kuti ndi wodwala womvera malangizo, ndipo abambo anavomera ulemuwo mopanda manyazi.

Komabe ine mtima sunakhale pansi. Chamwini ndi chamwini. Ndinkadziwa kuti amalume adzabwera, wotchi idzabwerera m'kabokosi, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lomwelo abambo adzabwerera pampando paja n'kufunda bulangete. Mkono unali usanachire kwenikweni. Ukanasiyidwa pamenepo ukanauma ndithu.

Anabwera mapichesi atachita maluwa. Tinamva kulira kwa belu la kabaza, ndipo atatsika tinaona munthu wovala mkanjo woyera mbee ndi kachipewa koluka. Tsopano anali a Haji. Ankayembekeza kupeza wodwala pampando, chifukwa analunjika pakhonde. Koma abambo anali ataima pabwalo, atavala jekete, ndodo ataitsamiritsa kukhoma.

Kwathu munthu wolemekezeka sumupatsa moni ndi dzanja limodzi ngati ukulandira chenji. Umapereka lamanja, lamanzere litagwirizira pamkono. Chidwalireni abambo ankapereka moni wopereweza, ndipo ndikudziwa kuti zinkawawawa. Tsiku limenelo anatambasula dzanja lamanja. Kenako ndinaona phewa lamanzere likukwera. Mkono uja unanyamuka wokha, ukunjenjemera, golide akuthwanima padzuwa. Unakwera pang'onopang'ono, unaima panjira, unakweranso, mpaka zala zinafika pansi pa chigongono chamanja n'kugwira.

"Mwayenda bwanji, achimwene?"

Amalume anagwira dzanjalo ndi manja awo onse awiri. Apa ndiye ndinalulutira ndithu, moti nkhuku zinabalalika.

Atakhala pansi, amayi analowa m'nyumba ndipo ndinamva kiyi akulira pa kabati. Anatuluka ndi tiyi m'makapu a mlomo wagolide aja. Ine ndinawayang'ana, iwo n'kundibwezera diso loti ungoyerekeza kunena kanthu.

Amalume ananyamula mkono wa mnzawo n'kuyang'ana wotchi. Anayang'ana dzuwa. Anayang'ananso wotchi.

"Aphunzitsi, inaima iyi."

"Kamodzi," abambo anatero. "Inakacheza kwa makapu."

Amayi anati akukaona madzi pamoto. Abambo anamasula lamba okha n'kupereka wotchiyo ndi manja awiri. Amalume anaipukuta, kenako, ife tikuona, anakoka kachitsulo kapambali kaja ndi chikhadabo, kuzunguza mivi mpaka pa nthawi yake, kukakankha, n'kukapotokola kangapo mopanda mantha aliwonse.

"Amalume!" ndinakuwa. "Si munati n'kofooka?"

"Ndinatero kodi, mwanangu? Ukalamba uwu."

Ndinatembenukira kwa abambo kuti akwiye nane limodzi. Miyezi yonseyi akanatha kumangoipotokola ndi zala ziwiri ali khale pampando. Koma iwo ankauzira tiyi, maso akuseka.

"Ndinaona tsiku loyamba lomwe," anatero. "Wotchi iyi sibisa kanthu."

Amalume anaika wotchi m'kabokosi n'kutseka. Ine ndinkayembekeza kuti mwina anena kuti itsale, koma munthu wa mawotchi ndi wa mawotchi, kupita ku Maka sikuchiza matenda amenewo. Anakalowetsa m'thumba lam'kati n'kumanga batani. Ali pa kabaza anatembenuka n'kunena kuti wotchiyo yazolowera kudya bwino, sakudziwa ngati idzavomerenso zongogwedezedwa m'kabokosi. Abambo anatsala ataima pabwalo akusisita pamkono, pamene lamba anasiya mzere wotuwa.

M'mawa mwake popita kusukulu ndinadzera kwa makolo. Ndinkaopa kukhota pangodya ya nyumba. Nditakhota ndinaona mpando uli pamalo pake, bulangete litapindidwa bwino, koma popanda munthu. Amayi anali atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akumwa tiyi m'kapu ya mlomo wagolide tsiku wamba lopanda mlendo.

"Abambo ali kuti?"

Analoza ndi mlomo kumsewu. Kutali, pamene nkhungu inkayamba kuyera, ndinaona jekete lawo. Chitini cha mabisiketi anachipana m'khwapa lamanja, ndodo anaisiya, ndipo mkono wamanzere wopanda kanthu unkapita kutsogolo n'kubwerera. Ankalowera kokwerera minibasi za ku boma.

"Akuti wotchi yamwini ili ndi njala," amayi anatero. "Thamanga uwapatse chipewa, aiwala."